Mabingu a ku Detroit ndi amuna amene saiwala galimoto yoyamba

Loweruka lachitatu la mwezi wa Ogasiti, msewu wa Woodward Avenue, wochokera mumzinda wa Detroit kulowera kumpoto, sukhala woti n'kudutsamo munthu wachangu. Magalimoto akale zikwizikwi amandondozana pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka usiku, mawindo ali otsitsa, injini zikuguguda, ndipo anthu amabwera ndi mipando yawo n'kukhala m'mbali mwa msewu kumangoonerera. Mwambowu unayamba mu 1995, ndipo palibe chikho chimene amalimbirana. Ambiri mwa oyendetsawo ndi abambo aimvi, ena oti potsika amayamba agwirira chitseko kaye, koma galimoto imene akutsikamoyo ikuwala kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale mu 1969. Nkhani imene imamveka kwambiri pamisonkhano yotere ndi imodzimodzi: ndinali nayo yonga iyi ndili mnyamata, ndinaigulitsa mwana woyamba atabadwa, ndipo mpaka lero ndikuifunafuna.

Kwa ife amene tinazolowera Toyota ndi Nissan, amene galimoto timaiyamikira ikamamwa mafuta pang'ono komanso masipeya ake akamapezeka pamsika, chikondi chimenechi n'chovuta kuchimvetsa. Magalimotowa, amene eni ake amawatcha muscle car, ambirife tinangowaonera m'mafilimu. Dodge Charger yakuda ija ya 1970 ya mufilimu ya The Fast and the Furious ndi imodzi mwa iwo. Nanga muli chiyani m'magalimoto amenewa choti munthu n'kuwasungira mtima zaka makumi asanu?

Kapangidwe kake sikovuta kufotokoza. Mutenge galimoto ya zitseko ziwiri, ya msinkhu wapakatikati, yotsika mtengo, yoti kufakitale amaipanga yambirimbiri. Muchotsemo injini yake, muikemo V8 yaikulu, ya masilinda asanu ndi atatu, imene anaikonzera zimagalimoto zazitali zolemera. Mphamvu zonse zipite kumatayala akumbuyo. Basi. Ena amati zinayamba ndi Oldsmobile Rocket 88 ya 1949, ndipo ali ndi mfundo, koma nyengo imene anthu amailira inayamba mu 1964 ndipo pofika 1974 n'kuti itatha.

Inayamba ndi kazembedwe ka lamulo. Kumayambiriro kwa 1963 akuluakulu a General Motors analetsa nthambi zonse za kampaniyo kuchita nawo mipikisano ya magalimoto. Analinso ndi lamulo lakuti galimoto ya msinkhu wapakati isakhale ndi injini yoposa malita 5.4. Nthambi ya Pontiac ndiyo inapwetekedwa kwambiri, chifukwa dzina lake pakati pa achinyamata inalipangira kumipikisano komweko. Mkulu wa mainjiniya ake, John DeLorean, pamodzi ndi anzake Bill Collins ndi Russ Gee, anaona kuti injini ya malita 6.4 ya magalimoto akuluakulu a Pontiac ikhoza kulowa bwinobwino mu Tempest, galimoto yofatsa yoyendera banja. Lamulo lija linkanena za injini imene galimoto imabwera nayo, silinatchule za injini imene wogula angasankhe yekha powonjezera ndalama. Choncho GTO ya 1964 siinagulitsidwe ngati galimoto yatsopano ayi. Munthu ankagula Tempest LeMans, n'kuwonjezera madola pafupifupi 296, n'kulandira injini ya 325 horsepower, kapena 348 akafuna ya makabuleta atatu. Dzina lenilenilo anachita kubwereka kwa Ferrari 250 GTO osapempha, zimene zinakwiyitsa okonda magalimoto a ku Italy. A zamalonda ku Pontiac ankaganiza kuti zikagulidwa 5,000 ndiye kuti zayenda. Zinagulidwa 32,450 chaka choyamba, ndipo mu 1966 zinayandikira 97,000. Akuluakulu a General Motors aja ataona ndalama, za lamulo lozembedwalo sanazilimbikirenso.

Panali kachinyengo kenanso. Magazini ya Car and Driver ya Malichi 1964 inayesa GTO n'kulemba za liwiro lodabwitsa, ndipo nkhaniyo inaigulitsa kwambiri galimotoyo. Patapita zaka zambiri Jim Wangers, amene ankayendetsa zotsatsa malonda a Pontiac, anavomera kuti m'magalimoto amene atolankhaniwo anapatsidwa munali injini yokulirapo ya malita 6.9, yosaoneka kusiyana kunja kwake.

Koma nzeru za DeLorean pazokha sizikanatha kanthu pakanapanda ogula. Ana amene anabadwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, kuyambira 1946, anali ochuluka kuposa m'badwo uliwonse wa m'mbuyo, ndipo oyambirira awo anakwanitsa zaka 18 mu 1964 momwemo. Ntchito za m'mafakitale zinkapezeka ndipo zinkalipira bwino. Banja lapakatikati linkapeza madola pafupifupi 6,600 pachaka, pamene GTO inkagulidwa chapafupi ndi madola 3,000, pangongole yobweza mwezi ndi mwezi. Petulo anali pafupifupi masenti 30 pa galoni ya malita 3.8. Misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo za dzikolo, imene Pulezidenti Dwight Eisenhower anaisainira lamulo mu 1956, inali ikutsegulidwa chaka ndi chaka. Mpikisano wothamanga mtunda wowongoka wa mamita 402, umene bungwe la NHRA linayamba kuulongosola mu 1951, unali utafala m'matauni ang'onoang'ono, ndipo amene analibe bwalo ankapikisana usiku pamaloboti a mumsewu, Woodward Avenue yomweyo ikutsogolera. Apa ndiye pagona nkhani: kwa zaka zochepa, m'dziko limodzi, mnyamata wogwira ntchito yamanja ankatha kugula liwiro limene ku Ulaya linali la anthu olemera okhaokha.

Makampani ena sanachedwe. Ford, motsogozedwa ndi Lee Iacocca, inaonetsa Mustang pachionetsero chachikulu cha ku New York pa 17 Epulo 1964, mtengo wake woyambira uli madola 2,368, ndipo m'chaka chimodzi inagulitsa zoposa 400,000. Akatswiri a mikangano amati Mustang, Chevrolet Camaro ndi Pontiac Firebird ndi gulu lina la magalimoto ocheperako, ndipo n'zoona kuti ma Mustang ambiri ankatuluka ndi injini wamba ya masilinda asanu ndi imodzi. Koma pamene Ford inayamba kuikamo injini za malita 6.4 ndi 7.0, malirewo anafufutika. Imene ine ndimaiona kuti inalimvetsa bwino ganizo lonseli ndi Plymouth Road Runner ya 1968. Panthawiyo magalimoto amtunduwu anali atayamba kudula chifukwa cha zokongoletsa, ndiye Plymouth inachotsa zonse, n'kusiya mpando wautali wamba ngati wa mutakisi ndi injini ya malita 6.3, pamtengo wosakwana madola 3,000. Inalipira Warner Bros. madola 50,000 kuti igwiritse ntchito dzina ndi chithunzi cha kambalame kothamanga ka m'makatuni, ndipo hutala yake inkalira ngati kambalameko. Zinagulidwa pafupifupi 45,000 chaka choyamba.

Zinafika pamponda chimera mu 1970. General Motors inachotsa malire a kukula kwa injini, ndipo Chevrolet Chevelle SS inatuluka ndi injini ya malita 7.4 ya 450 horsepower. Dodge ndi Plymouth zinali ndi Hemi ya malita 7.0, injini imene Richard Petty anapambana nayo mpikisano wa Daytona 500 mu 1964 isanayambe kugulitsidwa kwa anthu wamba mu 1966. Pa 24 Malichi 1970, Buddy Baker anazungulira bwalo la Talladega pa Dodge Charger Daytona, ya mphuno yosongoka ndi chiphiko kumbuyo, paliwiro loposa makilomita 320 pa ola.

Tsono tinene zimene okonda magalimotowa amazidziwa koma sakonda kuyamba nazo. Monga magalimoto oyendera, ambiri sanali abwino. Injini yachitsulo cholemera inali kutsogolo, kumbuyo kuli kopepuka, choncho munthu akaponda mafuta mwamphamvu matayala akumbuyo ankangozungulira pamodzimodzi n'kumafuka utsi, ndipo kukagwa mvula galimoto inkatembenuka yokha. Ambiri ankatuluka ndi mabuleki a dilamu kumatayala onse anayi, amene akatentha amasiya kugwira. GTO yeniyeniyo sinakhale ndi mabuleki a disiki mpaka 1967, ndipo ngakhale apo anali ochita kusankha. Matayala anali opyapyala, chiwongolero chinali cholobodoka, ndipo pakona galimoto inkapendekeka. Kunali ngati kumangirira nkhunzi zinayi pangolo yopanda buleki. Mafuta inkamwa lita imodzi pamakilomita anayi kapena asanu, ndipo kumadera a chipale chofewa, kumene amathira mchere m'misewu, dzimbiri linkaidya m'zaka zochepa. Ndipo liwiro lija? Toyota Camry ya V6 ya zaka zaposachedwapa, galimoto yopitira kutchalitchi ndi ana kumbuyo, imaisiya GTO ya 1964 pamtunda wa mamita 402 uja, ili phee, mpweya wozizira ukutuluka mkati.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene Camry ilibe. Choyamba ndi mawu. Mu V8 ya ku America masilinda ali m'mizere iwiri, anayi uku anayi uko, koma kuphulika kwa mafuta sikusinthana bwinobwino kumanja ndi kumanzere: pakuzungulira kulikonse pamakhala nthawi imene masilinda awiri a mbali imodzi amaphulika motsatizana. Utsi wotuluka mupaipi iliyonse ya ekizozi umabwera modukizadukiza, ndipo n'chimene chimapereka kuguguda kuja kumene kumamveka m'chifuwa musanaione galimotoyo. Ikaima paloboti, thupi lonse limanjenjemera, ndipo woyendetsa akaponda mafuta pang'ono galimoto imapendekera mbali imodzi isanasunthe n'komwe. Opanga filimu ya Bullitt mu 1968 anazidziwa izi: pamene Mustang yobiriwira ya Steve McQueen ikuthamangitsana ndi Charger yakuda m'zitunda za San Francisco kwa mphindi pafupifupi khumi, nyimbo anazizimitsa kuti injini zimveke zokha.

Chachiwiri n'chakuti mwini wake ankatha kuikonza yekha. Mukatsekula boneti, zonse zili poyera: kabuleta pamwamba, disitibyuta, mawaya asanu ndi atatu opita kumapulagi, lamba wa fani. Mnyamata wokhala ndi masipanala, sikuludilaiva ndi buku ankatha kusintha mapointi, kuchuna kabuleta ndi khutu, ngakhale kutsitsa giyabokosi atagona chagada pansi Loweruka masana, bambo ake kapena mnzake atamugwirira tochi. Amene anaphunzirira umakaniko pa Peugeot 404 kapena Datsun yakale azimvetsa izi. Galimoto imene wagonapo pansi pake, imene inakusenda khungu la zala, siikhalanso katundu wogula chabe. Ndipo anthu ambiri akamakumbukira galimoto yoyamba, amene akumukumbukira kwenikweni ndi uja ankagwira tochi.

Kutha kwake kunadza ndi zinthu zingapo nthawi imodzi. Buku la Ralph Nader la 1965, Unsafe at Any Speed, linatsegula maso a anthu pa ngozi, ndipo mu 1966 boma linakhazikitsa malamulo a chitetezo cha magalimoto. Panthawiyo anthu oposa 50,000 ankafa pamisewu ya America chaka chilichonse. Makampani a inshulansi anayamba kulipiritsa ndalama zambiri mnyamata wosakwatira wokhala ndi injini yaikulu, ndipo amenewa ndiwo anali ogula enieni. Lamulo la mpweya wabwino la 1970 linakakamiza kuchepetsa utsi woipa. Injini zamphamvuzi zinkadalira petulo wothira mtovu, ndipo pokonzekera petulo wopanda mtovu General Motors inafooketsa injini zake zonse mu 1971. Mu 1972 njira yoyezera horsepower inasintha, n'kuyamba kuyeza injini ili ndi zida zake zonse, ndipo manambala otsatsira malonda anagweratu. Hemi inasiya kupangidwa mu 1971. Kenaka mu Okutobala 1973 mayiko a Aluya anaimitsa kugulitsa mafuta ku America, mizere inayamba pamalo omwetsera mafuta, ndipo kumayambiriro kwa 1974 boma linaika malire a liwiro a makilomita pafupifupi 89 pa ola m'dziko lonse. Chaka chomwecho GTO, Plymouth Barracuda ndi Dodge Challenger zinatha. Mustang ya 1974 inatuluka yaing'ono, yopanda V8 n'komwe, ndipo chowawa kwa okonda mabingu n'chakuti inagulidwa kwambiri.

Ambiri amaloza chala boma ndi Aluya. Ine ndimaona kuti ngakhale popanda zimenezo, ogula aja anali akukula. Mnyamata wa zaka 18 mu 1964 anali ndi zaka 28 mu 1974, ali ndi mkazi, ana ndi ngongole ya nyumba. Magalimoto amene lero amagulidwa ndi mamiliyoni, nthawi imeneyo ankatayidwa pamtengo wozizira, ndipo n'chifukwa chake m'badwo wachiwiri, wa ana a sukulu a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, unawapeza ngati magalimoto awo oyamba, otutumuka utoto ndi odontha oyilo.

Kuti chikondichi chimveke, tiyenera kudziwa chimene galimoto yoyamba ili kwa mwana wa ku America. M'zigawo zambiri laisensi imapezeka pa zaka 16. Kunja kwa mizinda ikuluikulu kulibe maminibasi, kulibe kabaza, nyumba n'zotalikirana, ndipo wopanda galimoto amadikira mayi ake kuti amuperekeze kulikonse. Tsiku lolandira makiyi ndilo tsiku loyamba kupita kumene ukufuna osapempha. Ntchito yoyamba, chibwenzi choyamba, ulendo woyamba wautali, zonse zimachitikira m'galimoto imeneyo. Kwa m'badwo wa 1964 panalinso nkhondo ya ku Vietnam, kumene boma linkatumiza anyamata mokakamiza ndipo asilikali a America oposa 58,000 anafa. Ena anasiya galimoto m'garaja kwa makolo n'kudzaipeza, ena anabwerako n'kugula yatsopano ndi ndalama za usilikali, ndipo ena galimoto inatsala ikudikira. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anapeza kalekale kuti achikulire amakumbukira bwino kwambiri zimene zinachitika pakati pa zaka 10 ndi 30 za moyo wawo kuposa za nthawi ina iliyonse. Chimene chinali pafupi nawe pa zaka zimenezo, kaya ndi nyimbo kaya ndi fungo la petulo pampando wa pulasitiki wotentha ndi dzuwa, chimakhala nawe mpaka imvi.

John Schnatter, amene anayambitsa malo odyera a Papa John's, anagulitsa Camaro Z28 yake ya 1971 pamtengo wa madola 2,800 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti apulumutse bizinesi ya bambo ake. Atalemera anaifunafuna kwa zaka, mpaka kulengeza mphotho, ndipo mu 2009 anaiwombola ndi madola 250,000. Akanatha kugula Camaro ina iliyonse yabwino kuposa imeneyo ndi kachigawo kochepa ka ndalamazo. Ankafuna yomweyo. Si amuna okha: Mustang yoyamba kugulidwa m'dzikolo inatengedwa ndi mphunzitsi wamkazi wa zaka 22 ku Chicago pa 15 Epulo 1964, masiku awiri tsiku loionetsa lisanafike. Inawonongeka mu 1979, inakhala m'garaja zaka 27 mwamuna wake akukana kuti itayidwe, kenaka anaikonzanso.

Msika unadziwa kupindula ndi mtima umenewu. Ana a 1946 aja atafika pokhala ndi ndalama, ana awo atachoka pakhomo, mitengo inakwera modabwitsa. Plymouth Hemi Cuda ya 1971 ya denga lotsitsa, mtundu umene zinapangidwa zosaposa 12, inagulidwa madola 3.5 miliyoni ku Seattle mu 2014. Mustang ya mu Bullitt ija, imene banja lina linaigula mu 1974, inagulitsidwa madola 3.74 miliyoni mu Januwale 2020. Apa ndipo pamandikhumudwitsa. Galimoto imene ulemerero wake wonse unali wakuti wantchito wamba akhoza kuikwanitsa, lero imasungidwa m'nyumba yoziziritsa, kuyenda pathileyala, eni ake akukangana ngati nambala ya injini ikugwirizana ndi ya chasisi. Wokonda weniweni nthawi zambiri ndi uja ali ndi Tempest wamba imene wakhala akuiwotcherera zaka khumi.

Tisaiwalenso kuti zaka zimenezo sizinali zokoma kwa onse. Detroit yomweyo imene inkapanga magalimotowa inayaka moto mu Julayi 1967 pazipolowe zochokera ku tsankho ndi nkhanza za apolisi, ndipo anthu 43 anafa. Mtovu wa mupetulo unkalowa m'magazi a ana a m'mizinda. Munthu akhoza kuikonda Chevelle yake popanda kunamizira kuti dziko lonse linali bwino panthawiyo.

Chikondi cha magalimoto amenewa chinafikanso kummwera kwa Africa kuno. Ku Johannesburg, Basil Green anayamba mu 1970 kuika V8 ya malita 5.0 mu Ford Capri n'kuitcha Perana, ndipo mu 1973 General Motors ya ku South Africa inayankha ndi Chevrolet Firenza Can-Am, imene zinapangidwa 100 zokha. Koma Mustang yeniyeni ya chiwongolero chakumanja, yoyenera misewu yathu, Ford inayamba kuipanga m'fakitale mwake mu 2015, patatha zaka 51.

Ku America makampani anayesa kubwezeretsa nyengoyo. Mustang ya 2005, Challenger ya 2008 ndi Camaro ya 2010 zinatengera maonekedwe a zakale, ndipo zinali zamphamvu kuposa makolo awo: Challenger Hellcat ya 2015 inali ndi 707 horsepower, ili ndi mabuleki ogwira. Koma Oldsmobile inatsekedwa mu 2004, Plymouth mu 2001, Pontiac mu 2010, ndipo mu Disembala 2023 Challenger ndi Camaro zinasiya kupangidwa. Charger Daytona yatsopano ndi yamagetsi, ndipo Dodge inaikamo zokuzira mawu kuti zizitulutsa phokoso longa la injini. Kampaniyo yavomereza yokha chimene anthu ankagula.

Kodi chikondichi chidzapitirira eni ake akadzapita? Pang'ono, inde, chifukwa mafilimu ndi zidzukulu zolandira makiyi zilipo. Koma sindikhulupirira kuti chidzakhala chimodzimodzi. Achinyamata a ku America amene ayamba kupeza ndalama masiku ano akulimbirana Toyota Supra ndi Nissan Skyline za m'ma 1990, zimene ankazisirira ali ana. M'badwo uliwonse umakweza mtengo wa unyamata wake, ndipo n'kutheka kuti Corolla kapena Datsun imene inu munaphunzirira kuyendetsa idzakusowetsani tulo tsiku lina. Ofunafuna magalimoto awo oyamba ku America amakakamira pa chinthu chimodzi: nambala yapamsewu imasintha, utoto umasintha, ndipo popanda nambala ya chasisi n'kovuta kutsimikiza kuti galimoto ndi yomweyo. Ngati yanu ikadali pakhomo ndipo mukuganiza zoigulitsa, ijambuleni, ndipo nambala ya chasisiyo muilembe pamalo osatayika.